Momwe mungasankhire wowakha wachiwiri pa timu ya baseball

Anthu ambiri otsatira Major League Baseball (MLB) ya ku America, kaya pa kanema, pa intaneti kapena m'magemu a pakompyuta oyendetsa timu, amakhoza posankha oponya ndi omenya. Akafika pa wowakha wachiwiri ndi pomwe mutu umaima. Ena amangotola aliyense wotsala pamsika. Ena amatsegula ndandanda, n'kuona amene avereji yake pomenya ndi yokwera, basi atenga. Pofika June oponya ayamba kung'ung'udza, mipira ikudutsa pansi pa golovesi, adani akuba base (kuthamangira ku base yotsatira mpira usanamenyedwe) ngati akutola mango akugwa okha, ndipo wowakha woyamba mawondo atupa chifukwa mphunzitsi akuopa kumupumitsa.

Wowakha ndi uja amanyonyomala kumbuyo kwa womenya atavala chigoba kumaso, amene pa Chingelezi amamutcha catcher. Wachiwiri wake musamuyerekeze ndi goloboyi wa pabenchi mu mpira wamiyendo, amene angathe kutha chaka osadetsa jezi. Sizoni ya MLB ili ndi masewero 162 m'miyezi 6, ndipo wowakha woyamba wolimba kwambiri masiku ano amayamba masewero 110 mpaka 130. Otsalawo ndi a wachiwiri. Ndiye kuti mukusankha munthu amene adzagwire ntchito kamodzi kapena kawiri sabata iliyonse, ndipo tsiku lina woyamba akadzathyoka chala, timu yonse idzakhala m'manja mwake. Tiyerekeze kuti mpando wa bwana wosankha osewera mwakhalapo ndi inu.

## Zoyenera kukhala nazo musanayambe

- Mbiri ya wowakha wanu woyamba ya zaka 3 zapitazi: masewero amene anayamba, kuvulala kwake, dzanja limene amamenyera, ndi mmene amamenyera akakumana ndi oponya amanzere komanso amanja.
- Mayina a oponya anu onse 13, ndi mtundu wa mipira imene aliyense amadalira. Lembaninso chilankhulo chimene aliyense amamasuka nacho.
- Manambala a chitetezo. Tsamba la Baseball Savant limapereka mwaulere manambala a Statcast, makina a MLB oyeza zochitika m'bwalo, okhudza framing (luso lolandira mpira, tilifotokoza pa sitepe 3), kutchinga mipira yogunda pansi ndi kuponyera akuba base. FanGraphs ndi Baseball Prospectus ali ndi kawerengedwe kawokawo, ndipo ndi bwino kuyerekeza.
- Mavidiyo a masewero athunthu osachepera 5 pa munthu aliyense. Tizidutswa todula tosonyeza zokoma zokha sitikuthandizani.
- Lipoti la dokotala.
- Chithunzi cha ndandanda yanu yaikulu ya osewera 40, imene timu imasankhamo osewera a tsiku ndi tsiku, chosonyeza amene angatumizidwe ku ligi yaing'ono popanda vuto ndi amene sangatero.
- Ndalama zimene mwaika padera. Malipiro otsikitsitsa mu MLB m'chaka cha 2025 anali madola 760,000, ndipo wachiwiri wodziwa ntchito amene wakhalitsa mu ligi amatha kufika madola mamiliyoni angapo pachaka.

## 1. Yambani ndi wowakha woyamba, osati ndi msika

Musanayang'ane dzina la munthu wakunja, khalani pansi ndi mbiri ya amene muli naye kale. Funso loyamba ndi lakuti adzayamba masewero angati moona mtima. Mu 1968 Randy Hundley wa Chicago Cubs anawakha masewero 160, ndipo palibe amene anafikaponso. Salvador Perez wa Kansas City Royals anayamba masewero 143 mu 2014, anthu n'kumagwira pakamwa. Wanuyo si Perez. Tengani avereji ya zaka 3, muchotsepo masewero 10 ngati wadutsa zaka 30, ndipo nambala yotsala pa 162 ndiyo kukula kwa ntchito imene mukulembera munthu.

Ikatsala 35 kapena 40, mukufuna munthu wodekha amene angakhale pabenchi masiku 4 osachita dzimbiri. Ikatsala 65 kapena kuposa, si wachiwirinso ameneyo, ndi theka la ntchito, ndipo muyenera kulipira mtengo wa theka la ntchito.

Kenako lembani zimene woyambayo amalephera. Ngati ndi womenya wamphamvu koma mkono wake ndi waulesi, wachiwiri akhale wa mkono wachangu, woti mphunzitsi amuike tsiku limene mukukumana ndi timu yothamanga. Ngati amamenyera kumanja ndipo amavutika ndi oponya amanja, womenyera kumanzere angakuthandizeni kugawa masiku mwanzeru. Ngati ndi mnyamata wa zaka 23 amene wangokwera kumene, mufunika wamkulu woti azikhala naye pa vidiyo masana, kumuphunzitsa kuwerenga omenya.

Chenjezo: anthu ambiri amasankha wachiwiri wofanana ndendende ndi woyamba chifukwa ndi mtundu wa wosewera umene amaukonda. Mukatero mwagula zofooka zomwezo kawiri.

## 2. Yang'anani oponya anu mmodzimmodzi

Apa ndi pomwe pali nkhani yambiri, ndipo ndi pomwe osankha mothamanga amadumpha. Wowakha amalandira mipira 140 mpaka 150 pa masewero amodzi, ndipo mipira ya oponya anu si yofanana ndi ya timu ina. Amene amadalira mipira yotsika mwadzidzidzi ngati splitter kapena curveball yogwera m'fumbi amafuna munthu wodziwa kutchinga ndi chifuwa, apo ayi adzaopa kuponya mpira wake wabwino kwambiri mdani akakhala pa base yachitatu. Amene amaponya sinker m'munsi mwa mawondo amafuna dzanja lodziwa kunyamula mpira wotsika. Amene amachedwa kutulutsa mpira amafuna mkono woti ubweze nthawi imene iye wataya.

Mufufuzenso ngati pali woponya wamkulu amene ali ndi wowakha wake wapamtima. Zimenezi si zachilendo. Greg Maddux ku Atlanta ankakonda kuponyera Eddie Pérez ngakhale Javy López anali womenya bwino kwambiri. Steve Carlton ku Philadelphia anali ndi Tim McCarver. Jon Lester atasaina ndi Cubs kumapeto kwa 2014, timuyo inatenganso David Ross, amene ankamuwakhira ku Boston, pa kontrakiti ya zaka 2 ya madola 5 miliyoni. Lester anali ndi vuto lodziwika loopa kuponyera ku base yoyamba, ndipo Ross ndi amene ankamuphimba poponyera yekha kumeneko kuti othamanga asatalikire. Ubwino wa dongosolo lotere ndi wakuti tsiku lopuma la woyamba limadziwikiratu: kamodzi pa masiku 5 alionse, woponya uja akakwera pachulu pomwe oponya amaimirira, wachiwiri alowa. Palibe kukangana.

Koma ubale umenewu uli ndi mtengo wake, ndipo nkhani ya Doug Mirabelli ndi imene ndimakonda kuwauza anthu. Mirabelli ankawakha knuckleball ya Tim Wakefield ku Boston Red Sox, mpira wosazungulira umene umayenda ngati gulugufe. Timuyo inamugulitsa ku San Diego sizoni ya 2006 isanayambe, poganiza kuti aliyense angathe. Wolowa m'malo mwake, Josh Bard, anaphonya mipira 10 m'mwezi woyamba wokha. Pa 1 May Boston inamubwezeretsa Mirabelli mwachangu, ndipo apolisi anamuthamangitsa pa galimoto yawo kuchoka pabwalo la ndege mpaka ku Fenway Park, bwalo la Red Sox, akusintha zovala m'galimoto momwemo, kuti akapeze masewero olimbana ndi New York Yankees. Nkhani yosangalatsa, inde. Koma pomubwezeretsa Boston inapereka Bard ndi woponya wachinyamata Cla Meredith, ndipo onse awiri anakawala ku San Diego chaka chomwecho, pamene Mirabelli pomenya sanafike ndi avereji ya .200 yomwe (kumenya bwino maulendo 2 mwa 10). Anagula mwamantha, ndipo wogula mwamantha sanenerera mtengo. Akanawerenga oponya awo bwino mu December, sakanafika pamenepo.

Za chilankhulo musazione mopepuka. Wosewera mmodzi mwa anayi alionse mu MLB anabadwira kunja kwa America, ambiri ku Dominican Republic ndi Venezuela. Wowakha wolankhula Chingelezi ndi Chisipanishi amathetsa vuto pachulu m'masekondi 20 popanda womasulira.

## 3. Sefani ndandanda ndi manambala a chitetezo

Tsopano mungathe kupita kumsika. Lembani mayina 10 kapena 12: amene makontrakiti awo atha, amene matimu ena angagulitse, ndi anu a ku Triple-A, ligi yaing'ono imene ili pansi penipeni pa MLB. Muwasefe ndi zinthu zitatu, motsatana chonchi.

Choyamba ndi framing, luso lolandira mpira wa m'mphepete mwakachetechete kuti woyimbira auone ngati strike, mpira wodutsa pamalo oyenera, osati ball, wodutsa kunja kwa malowo. Kale anthu ankangolinena ndi pakamwa, mpaka 2011 pamene Mike Fast wa Baseball Prospectus anawerenga ndi manambala n'kusonyeza kuti José Molina, wachiwiri wa zaka zambiri amene anthu sankamuwerengera, ankapulumutsa ma run (zigoli za baseball) ochuluka ndi dzanja lake lokha. Tampa Bay Rays inamusaina kumapeto kwa chaka chomwecho ali ndi zaka 36. Statcast imawerenga strike iliyonse yowonjezera ngati 0.125 ya run, kutanthauza kuti ma strike 8 ndi run imodzi, ndipo ma run pafupifupi 10 ndi kupambana kumodzi. Pa vidiyo yang'anani golovesi isanafike mpira. Wodziwa amayambira m'munsi, n'kukumana ndi mpira akukwera, mutu uli phee. Wosadziwa amabaya mpira, golovesi n'kutsika nawo, kenako n'kuukokera pakati mochedwa, ndipo woyimbira aliyense amaona chinyengo chotero.

Pali chosintha chimene muyenera kuchiwerengera. MLB inavomereza kuti kuyambira 2026 makina azitha kuunika chigamulo cha woyimbira pa ball ndi strike ngati wosewera watsutsa. Timu iliyonse ili ndi mwayi 2 wotsutsa, ndipo ikakhoza mwayiwo sutha. Ololedwa kutsutsa ndi woponya, womenya ndi wowakha basi, pogwira chipewa nthawi yomweyo, osafunsa kubenchi. Framing sinafe, chifukwa mipira yambiri akugamulabe ndi munthu, koma pabwera luso lina: kudziwa malire a strike ndi diso, ndi kudziletsa kuti usawononge mwayi mu inning (gawo la masewero) yachiwiri pa mpira wopanda phindu. Amene adutsa ku Triple-A zaka zaposachedwapa anasewera kale ndi dongosolo limeneli, choncho funsani mbiri yawo pa zimenezi.

Chachiwiri ndi kutchinga. Musawerenge passed ball zokha, mipira yothawa imene mlandu wake umapatsidwa wowakha, chifukwa wolemba zotsatira ndi amene amasankha kuti wolakwa ndi woponya kapena wowakha, ndipo maso a anthu amasiyana. Phatikizani passed ball ndi wild pitch, imene mlandu wake umapatsidwa woponya, kapena gwiritsani nambala ya Statcast imene imayeza kuvuta kwa mpira uliwonse. Owakha ambiri lero amagwada bondo limodzi pansi. Musamuchotse munthu chifukwa cha zimenezo, ngakhale akuluakulu ena amanyansidwa nazo. Onani zotsatira: mpira ukagunda fumbi, umatsala patsogolo pake kapena umathawira kumbali?

Chachitatu ndi mkono. Kuchokera pomwe amanyonyomala kufika pa base yachiwiri ndi mamita pafupifupi 39. Nthawi yoyambira pamene mpira wagunda golovesi yake mpaka utafika m'manja mwa mnzake amaitcha pop time, ndipo avereji ya ligi ili pafupi ndi masekondi 2.0. Akatswiri ngati J.T. Realmuto amatsika kufika cha m'ma 1.8. Luso limeneli linakwera mtengo mu 2023, pamene ligi inakulitsa ma base kuchoka pa mainchesi 15 kufika 18, n'kuchepetsa maulendo amene woponya angaponyere ku base pofuna kugwira wothamanga. Ma base obedwa anachoka pa 2,486 mu 2022 kufika 3,503 mu 2023, ndipo akuba ankapambana maulendo 8 mwa 10. Wachiwiri wa mkono wofooka adani amamudziwa msanga, ndipo tsiku lake lililonse limasanduka mpikisano wothamanga.

Chenjezo: peresenti ya akuba ogwidwa imanama. Nthawi zambiri base imabedwa pa woponya wochedwa, wowakha n'kusenza mlandu. Yang'anani pop time ndi kulunjika kwa mpira. Komanso wachiwiri amasewera pang'ono, ndiye manambala a chaka chimodzi ndi ochepa kuti muwakhulupirire. Phatikizani zaka 2 kapena 3.

Pamapeto pa sitepe iyi mutsale ndi mayina 4 kapena 5.

## 4. Ikani malire a pansi pa kumenya

Tiwerenge pang'ono. Wachiwiri amene wayamba masewero 50 amapeza mwayi womenya pafupifupi 180. Kusiyana kwa womenya .240 ndi womenya .200 pa mwayi umenewu ndi ma hit 7 chaka chonse. Munthu yemweyo m'masewero 50 omwewo alandira mipira yoposa 7,000. Mukaika ziwirizi pa sikelo muona chifukwa chake Jeff Mathis anakhala mu ligi masizoni 17 ndi avereji ya .194, ndi chifukwa chake Austin Hedges sasowa ntchito.

Koma apa pali dzenje lina, ndipo okonda chitetezo ndi amene amagweramo. Masamu aja amagwira ntchito munthuyo akakhaladi wachiwiri. Akayamba kudya masewero a womenya wabwino, sikelo imatembenuka. Los Angeles Angels pansi pa mphunzitsi Mike Scioscia inkakonda Mathis kuposa Mike Napoli, mpaka inamugulitsa Napoli mu January 2011. Patangopita masiku ochepa anapezeka ali ku Texas Rangers, adani awo a m'chigawo chimodzi, kumene anamenya .320 ndi ma home run 30. Mathis chaka chimenecho anamenya .174, ndipo Angels inatsalira masewero 10 kumbuyo kwa Texas.

Ndiye chitani chonchi. Dzifunseni kuti woyamba atavulala miyezi 2, kodi munthu uyu mungamuike pa nambala 9, malo omaliza pa ndandanda ya omenya, tsiku ndi tsiku osachita manyazi? Avereji isiyeni, yang'anani OBP, imene imasonyeza kuti amafika pa base kangati, ndi mphamvu yake. Wachiwiri wabwino amakhala ndi chinthu chimodzi chimene amachita ndi ndodo: mwina amadziwa kudikira ball zinayi, mwina amalanga oponya amanzere, mwina kamodzi pa sabata ziwiri amautulutsa kunja kwa mpanda. Amene alibe ngakhale chimodzi, chitetezo chake chikhale cha pamwamba penipeni, osati chabwinoko chabe.

## 5. Mupimitseni thupi

Mawondo, chiuno, msana, chala chachikulu cha dzanja la golovesi, phewa loponyera. Koposa zonse funsani kuti ubongo wake unagwedezekapo kangati. Mipira yopalasa ndodo imagunda chigoba molunjika, ndipo kuyambira 2011 ligi ili ndi ndandanda yapadera ya masiku 7 ya ovulala motere. Amene zamuchitikira kangapo amatha kuchoka pa mpira umodzi wokha. Ngati woyamba wanu ali ndi mbiri yovulala, wachiwiri akhale wa thupi losadandaulitsa, ngakhale atachepa luso pang'ono.

## 6. Funsani amene anamuponyerapo, kenako mudzionere nokha

Pali mbali ya ntchitoyi imene manambala sanaigwire bwino: kusankha mpira woti uponyedwe, kuwerenga womenya, kukhazika mtima pansi woponya amene wayamba kunjenjemera. Apa safunsa anadya phula. Imbirani oponya amene anagwira naye ntchito, aphunzitsi a oponya, ngakhale owakha a ku bullpen, kumene oponya amatenthetsera mikono. Koma funsani mafunso oti ayankhe ndi chitsanzo. Mukafunsa kuti ndi munthu wabwino, aliyense adzati inde, chifukwa pafupifupi wachiwiri aliyense mu ligi amatchedwa munthu wabwino. Funsani kuti amafika nthawi yanji pabwalo tsiku limene sakusewera. Funsani kuti woponya akakana chizindikiro chake, amatani. Funsani kuti mpira wodalirika wa woponya ukakana tsiku limenelo, amazindikira mu inning yachingati.

Pakati pa February oponya ndi owakha ndi amene amayamba kufika ku zokonzekera ku Arizona ndi Florida. Itanani awiri kapena atatu mwa amene atsala pa ndandanda, muwagawire oponya anu onse mosinthanasinthana. Onani mmene akugwiritsira PitchCom, kachipangizo kotumizira zizindikiro kamene kanaloledwa mu 2022. Wotchi ya woponya imapereka masekondi 15 pakakhala palibe wothamanga ndi 18 akakhalapo, ndipo maulendo opita pachulu ndi 4 okha pa masewero. Wowakha woganiza mochedwa amamuthamangitsa woponya wake, ndipo woponya wothamangitsidwa amaphonya malo.

Chomaliza pano ndi mtima. Ntchitoyi ndi ya masewero a masana otsatira masewero a usiku, padzuwa la July, ndi kutenthetsa oponya pakati pa ma inning pamene woyamba akuvala zida. Mufunseni maso ndi maso ngati waivomera. Amene mumtima akuti akungodikira kuti alande malo adzayamba kuwerenga masiku ake, ndipo chipinda chovalira chidzadziwa. Amene anaivomera amakhala ngati Drew Butera wa Kansas City: mu World Series, ndime yomaliza ya chikho cha MLB, ya 2015 Perez anawakha pafupifupi chilichonse, koma pa masewero achisanu, mu inning ya 12, anamuchotsa kuti wothamanga alowe m'malo mwake, ndipo Butera ndi amene anavala chigoba n'kulandira strike yomaliza ya Wade Davis. Anali wokonzeka ngakhale panalibe amene anamulonjeza kanthu.

Chenjezo: musagamule ndi mmene wamenyera mu March. Mwayi 30 womenya, theka lake polimbana ndi oponya a ligi yaing'ono, sukuuzani chilichonse.

## 7. Werengani malamulo a ndandanda musanasaine

Timu imanyamula osewera 26, ndipo mu September amakhala 28. Poti oponya amatenga malo 13, pabenchi pamatsala anthu 4, ndipo mmodzi ndi wowakha wanuyu. N'chifukwa chake matimu ambiri amayenda ndi owakha awiri okha.

Fufuzani ma option. Wosewera wa pa ndandanda ya 40 ali ndi zaka 3 zimene timu ingamutsitsire ku ligi yaing'ono n'kumukwezanso momasuka. Zikatha, kuti mumutsitse muyenera kumudutsitsa pa waivers, pamene timu ina iliyonse ingamutole. Amene wakwanitsa zaka 5 mu ligi angathenso kukana kutsitsidwa. Tanthauzo lake ndi ili: mukakhala ndi awiri ofanana luso, wina ali ndi option wina alibe, sungani wopanda option pa timu yaikulu, winayo apite ku Triple-A. Mwasunga onse awiri. Mukachita mosemphanitsa, mwataya mmodzi kwaulere.

Kontrakiti ikhale ya chaka chimodzi, mukakakamizika zaka 2. Akuluakulu amene mwawaitana pa kontrakiti ya ligi yaing'ono nthawi zambiri amakhala ndi masiku otulukira ngati simunawakweze. Lembani masikuwo pa kalendala, chifukwa amafika mwakachetechete.

Za mnyamata wanu waluso amene akugogoda pakhomo: kumukweza kuti azisewera kamodzi pa sabata n'kumuchedwetsa. Los Angeles Dodgers inachita zimenezi mu May 2025, pochotsa Austin Barnes amene anakhala nawo zaka 10 kuti ikweze Dalton Rushing kumbuyo kwa Will Smith. Timu yolemera yofuna chikho chaka chomwecho ingasankhe choncho. Ngati yanu ikumanga za mawa, msiyeni mnyamatayo aziwakha tsiku ndi tsiku ku Triple-A.

## 8. Sankhaninso wachitatu tsiku lomwelo

Ntchito sinathe mukasaina wachiwiri. Mu 2021 Atlanta Braves inagwiritsa ntchito owakha 7, Travis d'Arnaud atavulala chala kumayambiriro kwa May, ndipo inapambanabe World Series chifukwa sinasowe woika kumbuyo kwa womenya mpaka iye atachira. Ku Dodgers mu 2025 Smith anavulala dzanja mu September, ndipo amene anayamba masewero oyambirira a playoffs, ndime yolimbirana chikho, anali Ben Rortvedt, yemwe anamutenga kumapeto kwa July anthu osalabadira. Ikani ku Triple-A wamkulu mmodzi amene analawapo ligi yaikulu, ndipo mu March mumupatse nthawi ndi oponya anu ngati anzakewo. Mufunsenso mphunzitsi kuti pa osewera ena onse ndi ndani angavale zida ma inning 2 zinthu zitavuta usiku umodzi.

## Zolakwa zimene zimabwerezedwa chaka ndi chaka

Kugula dzina. Wowakha amene anali katswiri zaka 6 zapitazo amabwera ndi mtengo wa dzina lake ndi mawondo a lero. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yang'anani pop time yake chaka ndi chaka, muona pomwe anayambira kutsika.

Kukhulupirira ERA ya wowakha, avereji ya ma run amene oponya amapereka iye akuwakha. Anthu amakonda kunena kuti oponya amapereka ma run ochepa akamaponyera wakutiwakuti. Ngati wachiwiri wanu amawakhira woponya wabwino kwambiri kamodzi pa masiku 5 alionse, nambala yake idzaoneka yokongola ngakhale atakhala mtengo wouma. Yerekezani woponya mmodzi yemweyo ndi owakha awiriwo, ndipo ngakhale pamenepo musaike mtima wonse.

Kuiwala lamulo la DH. Kuyambira 2022 ligi zonse ziwiri za MLB, American League ndi National League, zili ndi womenya m'malo mwa woponya, ndipo matimu ambiri amapumitsa wowakha woyamba pomuika pamenepo. Ndi nzeru, koma wachiwiri akavulala tsiku limenelo, woyambayo n'kuvala zida, timu imataya DH ndipo malowo amagwera woponya. Ngati mukufuna kuchita zimenezi kawirikawiri, ganizirani zonyamula owakha atatu, monga inachitira Cubs mu 2016 ndi Willson Contreras, Miguel Montero ndi Ross. Onse atatu anathandiza kugoletsa pa masewero achisanu ndi chiwiri a World Series, ndipo Ross anamenya home run ali ndi zaka 39 pa masewero ake omaliza.

Kumusiya pabenchi mpaka adzimbire. Munthu amene sanaone mpira wa liwiro la mamailosi 97 pa ola kwa masiku 10 musayembekezere kuti amenya. Gwirizanani ndi mphunzitsi sizoni isanayambe kuti masiku ake ndi ati.

Kudikira mpaka ngozi. Buster Posey atathyoka mwendo mu May 2011, San Francisco Giants, imene inali itangotenga chikho, inatsala ndi Eli Whiteside ndi Chris Stewart, onse osamenya, ndipo sinafike ku playoffs. Yerekezani ndi Atlanta ya 1999, pamene López anavulala bondo mu July: Pérez anali akuwadziwa kale oponya onse, ndipo mu October anasankhidwa wosewera wopambana pa mpikisano wa National League wolimbana ndi New York Mets.

Kusokoneza dzanja lomenyera ndi loponyera. Mukamva kuti timu ikufuna wowakha wamanzere, akunena za kumenya. Woponya ndi dzanja lamanzere amene anawakha komaliza mu MLB anali Benny Distefano wa Pittsburgh Pirates mu 1989, ndipo anawakha masewero 3 okha.